Chifukwa Chake Oonerera Saseka Pamodzi pa Sewero Loseleula

M'mwezi wa Disembala, dzuwa la kuchigwa lili pa ukali wake, ndinapita kukayendera ophunzira athu amene anali kuyesera ntchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya kutsidya kwa Shire, m'boma la Chikwawa. Linali tsiku lotsekera sukulu, ndipo makolo anali atakhala pansi pa mitengo ya nimu kudikira kuti amve m'mene ana awo akhozera mayeso. Mmodzi wa ophunzira athuwo, mnyamata wachangu ndi wokonda ntchito yake, anali atakonza sewero ndi ana a Sitandade 7 kuti asangalatse alendo. Anatenga Sarafina, sewero lotchuka lija la nyimbo ndi magule la ku South Africa, nalitembenuza kuti likhale loseketsa.

M'malo mwa ana a ku Soweto olimbana ndi boma la tsankho, munali ana olimbana ndi mayi wophika phala la pasukulu, ati chifukwa phalalo linali lamadzimadzi. Anavina mokweza maondo, nkhonya zili m'mwamba, monga momwe amavinira m'kanema muja. Apolisi anafika atanyamula mithiko m'malo mwa mfuti. Pomaliza mtsikana wina anagwa pansi ngati woomberedwa, anzake namunyamula ndi kumuimbira mwachisoni; koma atangomva fungo la phala anadzambatuka nathamangira kapu yake.

Achinyamata ndi aphunzitsi, amene kanemayo anamuona kawirikawiri, anaseka mpaka kugwira nthiti. Amayi ambiri anakhala duu, kenaka anayamba kung'ung'udza chapansipansi. Ndipo pamene mtsikana uja anagwa, mkulu wina wa imvi anatola ndodo yake nachoka pabwalopo osanena kanthu. Ndinamva pambuyo pake kuti mkuluyo anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni pa nthawi ya Theba, zaka zimene ana a sukulu anali kuomberedwa m'misewu ya kumeneko. Sukulu itatsegulidwanso, amayi aja, amene amaphika phala mongodzipereka popanda malipiro, sanabwere kudzasonkha moto kufikira mphunzitsi wamkulu ndi mnyamata uja atapita kukapepesa kwa amfumu.

Sindikulemba izi kuti tidzudzule mnyamatayo, pakuti inenso ndinaseka nawo. Koma inu amene mukukonzekera kukaphunzitsa m'midzi mudzakonzanso masewero, ndipo muyenera kudziwa chimene chinachititsa kuti sewero limodzi, pa bwalo limodzi, libale kuseka kwa ena, mkwiyo kwa ena, ndi chisoni kwa munthu mmodzi.

Masewero awiri pa nthawi imodzi

Kuseleula ndiko kutsanzira chinthu chodziwika, kukuza zina za icho ndi kuchepetsa zina, kuti anthu aseke. Ana amachita zimenezi pamasanje asanayambe n'komwe sukulu: atsanzira kayendedwe ka amfumu, kakhosomoledwe ka agogo, ndi mawu a mlaliki pamene wafika pa chimake cha ulaliki wake. Tsono taonani kuti mwana wotsanzira mlaliki saseketsa mlendo amene mlalikiyo sanamumvepo. Sewero loseleula limakhala masewero awiri: lina likuchitika pabwalo, lina lili m'mutu mwa woonerera. Kuseka kumabuka pamene awiriwa agundana. Mthiko pa wokha suseketsa munthu. Useketsa yekhayo amene akukumbuka kuti pamalo pamenepo panali mfuti.

Nanga sewero lachiwirilo, limene linali m'mitu ya anthu tsiku lija, linali lotani? Sarafina analemba ndi Mbongeni Ngema, ndipo nyimbo zina anapeka ndi Hugh Masekela. Linaonetsedwa koyamba ku Market Theatre mu Johannesburg m'chaka cha 1987, linafika ku New York m'chaka chomwecho, ndipo mu 1992 linasanduka kanema m'mene munali Leleti Khumalo, Whoopi Goldberg ndi Miriam Makeba. Nkhani yake inachokera pa zimene zinayamba pa 16 Juni 1976, pamene ana a sukulu a ku Soweto anaguba pokana kuphunzitsidwa m'chiyankhulo cha Afrikaans, apolisi nawaombera. Anthu mazanamazana anafa m'miyezi yotsatira. Ife ophunzira za ziyankhulo zathu tisaiwale kuti anawo anafera nkhani ya chiyankhulo cha m'kalasi.

Chotero achinyamata anabwera ndi kanema m'mutu, ndipo kwa iwo Sarafina ndi nyimbo zokoma ndi magule. Amayi aja anabwera opanda kanemayo. Anangoona ana awo akunyoza phala limene iwo amadzukira m'bandakucha kukaphika. Mkulu uja anabwera ndi chinthu cholemera kuposa kanema, ndicho maliro enieni. Zoterezi si zachilendo m'dziko lathu lino, ndipo magule athu awiri akhoza kutiphunzitsa zambiri.

Beni ndi Malipenga

Kale, chionetsero cha nyimbo chimene chinali kukopa anthu koposa zonse chinali perete wa asilikali: ng'oma, malipenga a mkuwa, yunifolomu zosita, ndi miyendo yonyamuka pamodzi. M'zaka za m'ma 1890 anthu a m'mizinda ya kugombe la nyanja ya mchere, monga Mombasa ndi Lamu, anayamba gule wotsanzira zimenezi, namutcha Beni, dzina lochokera ku liwu la Chingerezi lotchulira gulu la oimba ndi zitoliro. Guleyu anafalikira kwambiri ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Asilikali a King's African Rifles, amene likulu lawo kuno linali ku Zomba, pamodzi ndi amtengatenga osawerengeka, anabwera naye kumudzi. Mwa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba anakhalabe Beni. Ku Nkhata Bay, Likoma ndi Karonga kuli Malipenga. M'chigawo chapakati muli Mganda.

Ovina amavala zoyera kapena za khaki, ndi masokosi ofika m'maondo. Amanyamula ndodo m'malo mwa mfuti, ndipo malipenga awo ndi zikho zimene pakamwa pake amamatapo kansalu koyera kaja kamene kangaude amakutira nako mazira ake. Gulu lililonse la Malipenga limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi Kingi wake, akapitawo, dokotala ndi namwino. Ndodo m'malo mwa mfuti, chikho m'malo mwa lipenga la mkuwa: kodi si nzeru yomwe ija ya mthiko?

Terence Ranger, amene anasindikiza buku la mbiri ya Beni m'chaka cha 1975, anasonkhanitsa zimene oonerera osiyanasiyana anali kunena za guleyu. Azungu ena a Boma anakondwa, poyesa kuti anthu akusirira ufumu wawo. Ena anaona chipongwe, poganiza kuti ovinawo akuwaseka pamaso. Enanso anachita mantha poona anthu akuda ali m'magulu okhala ndi maudindo, otumizirana makalata kuchokera mzinda wina kufikira wina. Ndipo pamene anthu a m'migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia ananyanyala ntchito mu 1935, magulu a Mbeni anakayikiridwa kuti ndiwo anayendetsa mauthenga. Amishoni ambiri anadandaula za ndalama zothera pa zovala ndi za kuvina usiku. Koma anthu a m'mudzi, eni bwalo, anali kuyang'ana zina: kuti ndi boma liti lachapa bwino zovala, ndi liti laponda pamodzi, ndi liti lapeka nyimbo yolasa. Ranger anaona kuti mtima wa guleyu unali pa mpikisano wa ovina okhaokha ndi pa kuonetsa kuti za makono akuzidziwa, koposa pa kulambira kapena kunyoza Azungu. Mzungu aliyense anaona m'gulemo chimene anabwera nacho, kaya kunyada, kaya mantha.

Pali chinanso. J. Clyde Mitchell anafufuza gule wa Kalela, mbale wake wa Beni, ku Luanshya, nalemba za iye mu 1956. Ovina anali Abisa, ovala mwaudongo ngati akalaliki, ndipo nyimbo zawo zinali kuseleula mitundu ina ya anthu okhala m'komboni momwemo. Komabe anthu a mitundu yoseleulidwayo anali kuimirira pomwepo ndi kuseka nawo. Mitchell anaona kuti pakati pa mitundu ina ya m'tauni panali chibale cha nthabwala, chimene chimalola anthu kunyozana popanda mlandu. Ife tichidziwa bwino chibale chotere. Msuweni wako akhoza kukunena mawu amene mlongo wako sangayerekeze, ndipo adzukulu amachita nthabwala pamaliro pomwe, anamfedwa osakwiya. Tsono kuseka sikudalira mawu okha. Kumadaliranso kuti wonenayo ndani, ndipo ali ndi ufulu wanji pa iwe.

Gule Wamkulu ndi alendo ake

Chitsanzo chachiwiri chili pakhomo pathu, pakuti Amang'anja a m'boma lino la Chikwawa ali ndi Gule Wamkulu monga abale awo Achewa. Za kudambwe si za m'masamba ano; ndinena zokhazo zimene aliyense amaziona pabwalo. Mwa zilombo zimene zimatuluka muli Maliya, wa nkhope yosalala, amene amavina mofatsa pamodzi ndi amayi, muli Yosefe, muli Simoni, wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, wovala suti ya nsanza. Mayina amenewa aliyense adziwa kumene anachokera.

Ansembe a Chikatolika, amene anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, ataona zilombozi anapwetekedwa mtima kwambiri, pakuti m'mitu yawo munali Amayi Maria ndi Simoni Petro. M'zaka za m'ma 1920 mkangano unakula, ndipo ansembe anapempha Boma kuti liletse guleyo, ngakhale kuti Boma silinamuletse m'dziko lonse. Mbiri ya mkanganowu inalembedwa mu 1972 ndi Ian Linden pamodzi ndi Matthew Schoffeleers, wansembe amene anagwira ntchito kuno kuchigwa kwa zaka zambiri naphunzira miyambo ya Amang'anja. Iwo anasonyeza kuti pansi pa nkhani ya zilombo panali nkhani ya ana: kodi mnyamata aleredwe ndi sukulu ya mishoni, kapena ndi akuluakulu a mwambo? Ansembe sanalakwe poona kuti akuseleulidwa. Koma sanaone zonse.

Bambo Claude Boucher, amene anayambitsa malo a za chikhalidwe a Kungoni ku Mua mu 1976, anatha zaka zambiri akufunsa eni gule tanthauzo la zilombo mazanamazana, nazilemba m'buku limene linatuluka mu 2012. Anapeza kuti ngakhale nkhope ikhale ya mlendo, chilangizo chake kawirikawiri chimalunjika kwa eni mudzi: mnyamata wotengeka ndi za chilendo, mwamuna wosasunga banja, munthu wodzikuza chifukwa cha ndalama. Mayi amene akuombera m'manja Simoni mwina sakuganiza za Mzungu konse, koma za mkamwini wake. Ofufuza ena analemba kuti m'zaka za pambuyo pake munatulukanso zilombo zotsanzira Charlie Chaplin ndi woimba uja Elvis Presley. Agogo amene sanamvepo nyimbo ya Elvis akhoza kusekabe, popeza aona m'chilombocho mdzukulu wawo ndi tsitsi lake lopesa modabwitsa.

Apa pali kusiyana kwakukulu ndi sewero la ophunzira wathu uja. Chilombo chimaseketsa onse awiri, wodziwa chinthu chotsanziridwa ndi wosachidziwa, chifukwa chili ndi tanthauzo lachiwiri la pamudzi pomwepo, limene anthu amalivomereza. Sewero la phala linalinso ndi tanthauzo la pamudzi, koma linali lopweteka anthu osalakwa. Ndiponso gule ali ndi ufulu wodzudzula: amatuluka pa nthawi yake, pa bwalo lake, mwa chilolezo cha amfumu, ndipo anthu amalandira mawu ake ngati ochokera kwa mizimu ya makolo. Ana a Sitandade 7 alibe ufulu wotere pa amayi awo pamaso pa alendo.

Tizindikirenso kuti maganizo a oonerera amasintha ndi nthawi. Gule amene ansembe oyamba anafuna kuti aletsedwe, wansembe wina anadzakhala womusunga ndi kumufotokoza, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linamulengeza kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Za kutsidya kwa nyanja

Zomwezi zinaonekanso kwa Azungu eni ake. Mu 1728, anthu olemera a ku London atatengeka ndi masewero oimba m'Chitaliyana, chimene ambiri a iwo sanali kuchimva, John Gay analemba The Beggar's Opera. M'malo mwa mafumu ndi ngwazi anaikamo mbala ndi zigawenga, ndipo m'malo mwa nyimbo za ku Italy anaikamo nyimbo wamba zimene anthu anali kuimba m'misewu. Anthu anakhamukirako kotero kuti linaonetsedwa maulendo 62 m'nyengo yake yoyamba, chinthu chosaonekaoneka masiku amenewo. Koma ambiri anazindikira kuti atsogoleri a mbalawo akufanana ndi nduna yaikulu Robert Walpole, ndipo sewero lotsatira la Gay, lotchedwa Polly, linaletsedwa lisanafike pa nsanja.

Mu 2016, ku New York, Gerard Alessandrini anaonetsa Spamilton, sewero loseleula Hamilton, limene linali litatchuka kwambiri chaka chapitacho. Amene anaseka koposa anali anthu okonda Hamilton, odziwa nyimbo zake pamtima, ndipo mlembi wa Hamilton mwini wake, Lin-Manuel Miranda, anapita kukaonerera nanena poyera kuti anaseka kwambiri. Walpole anaona mdani; Miranda anaona msuweni.

Zoti mphunzitsi achite

Musaganize kuti ndikuti muleke masewero oseleula. Iwo ndi chida chabwino pophunzitsa chiyankhulo, pakuti mwana amene watha kutsanzira kalankhulidwe ka woulutsa mpira pa wailesi, kapena ka mkulu woweruza mlandu, wasonyeza kuti wamvetsa kusiyana kwa mawu a pabwalo la mpira ndi mawu a pabwalo la milandu. Mwana wamanyazi amene satsegula pakamwa m'kalasi nthawi zina amamasuka akavala chipewa cha munthu wina. Koma musanaike sewero lotere pamaso pa makolo, dzifunseni mafunso atatu.

Loyamba: kodi chinthu chimene tikutsanzira, onse akuchidziwa? Ngati theka la anthu silichidziwa, theka limenelo lidzaona sewero lina losiyana ndi limene mwakonza. Sankhani zimene mudzi wonse umaziona, monga kukangana kwa wogula ndi wogulitsa pa msika wa thonje, kapena kondakitala woitanira anthu pa Dyeratu. Mukafunitsitsa chinthu cha kutali, mwana mmodzi ayambe waimirira ndi kufotokoza mwachidule nkhani yake yeniyeni.

Lachiwiri: kodi tikuseka yani, ndipo osewerawo ali ndi ufulu womuseka? Ana aziseka ulesi wawo womwe, kuchedwa kwawo, ndi mabodza amene amanena akaiwala ntchito ya kunyumba. Akhozanso kuseleula inu aphunzitsi, ngati mwalola, ndipo makolo adzakulemekezani poona kuti mukuseka nawo. Koma munthu amene amatumikira sukulu mwaulere, munthu wolumala, wamasiye, kapena wa mtundu wina wochepa pamudzipo, asakhale choseketsa. Kuno kuchigwa, kumene Amang'anja ndi Asena amakhala pa benchi imodzi, samalani makamaka ndi nthabwala zotsanzira kalankhulidwe ka anzathu. Chimene akulu awiri odziwana anganenane pa mowa, mwana sanganene pa tsiku lotsekera sukulu.

Lachitatu: kodi chinthu chimene tikutsanziracho chinadyapo moyo wa munthu? Funso ili ndi limene ife tonse tinaliiwala tsiku lija. Nyimbo za Sarafina n'zokoma kotero kuti munthu aiwala kuti pansi pake pali manda. Chimodzimodzi, sewero loseketsa la anthu othawa madzi osefukira likhoza kukondweretsa anthu a kumtunda, koma osati pa sukulu imene inasandukapo msasa wa anthu othawa madzi mu 2015 kapena mu 2023.

Mafunso amenewa simungawayankhe nokha, makamaka mukakhala mlendo pamalopo. Safunsa anadya phula. Masiku awiri kapena atatu lisanafike tsiku la chionetsero, itanani mmodzi wa akomiti ya sukulu, mayi mmodzi wachikulire ndi nduna ya amfumu, kuti aone ana akuyeserera. Musawafunse ngati sewerolo lili bwino, chifukwa mwaulemu adzavomera. Afunseni kuti akuuzeni nkhani imene aona, ndi munthu wa m'mudzimo amene sewerolo lawakumbutsa. Yankho lawo likasiyana ndi zimene munali kuganiza, mudakali ndi nthawi yokonza.

Ndipo pa tsiku lenilenilo musaime kuseri kwa nsalu kumanong'oneza ana mawu oiwalika. Ntchito imeneyo mupatse mnzanu. Inu mukakhale cha pambali, pamene mungaone nkhope za anthu. Onani amene ayamba kuseka, amene aseka mochedwa atayang'ana anzawo, ndi amene sakuseka konse. Mulembe zimenezi m'kope lanu madzulo omwewo, monga momwe mumalembera za phunziro limene mwaphunzitsa. Ine tsiku lija ndinakhala pa mpando wa alendo, kutsogolo, maso anga ali pa ana; mkulu uja ndinangomuona msana, ali kale pa njira yopita kwawo.